Kiyi Wachiwiri Akatayika

Pakati pa anyamata a pa Mwanza boma, amene dzuwa likapendeka amasonkhana m'makhonde a masitolo kupikisana pa eFootball ndi Free Fire, palibe chisoni choposa cha iye amene lamya yake yabedwa mu minibasi yochokera kuchipata cha Zobue. Pakuti ngakhale mawu achinsinsi akuwadziwa pamtima, akaunti ya Google kapena ya Facebook imene anamangirirako masewera ake siimtsegulira khomo kufikira atapereka nambala yotumizidwa ku simu khadi yomwe yapita ndi mbala. Njira yobwezera ilipo, koma ndi yopapatiza. Chiyambire 2018, pamene MACRA inalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, wofuna nambala yake yakale amayenera kukaonekera yekha ku Airtel kapena TNM atanyamula chiphaso cha unzika. Ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa, popeza nambala anailembetsa m'dzina la amalume, amenenso anapita ku Joni kalekale. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ine ndiyesa kuti ananena za manambala khumi osungira amene Google imapereka ulere, iliyonse yogwira kamodzi kokha, amene mnyamata wanzeru amawalemba pa pepala nawabisa m'sutikesi ya amake. Wosatero atsala ndi fomu yofunsa mawu achinsinsi akale, imene ndi bwino kuidzaza pa lamya yomwe akauntiyo inaizolowera, ndipo lamyayo ndi yomwe alibe. — Mwana wa ku Thambani