Sukulu za Amphawi Zimene Zinasanduka za Olemera

Sabata ino tiyeni tione za ku England, kumene kuli sukulu zochuka zimene mwana wa mlimi wamba angazione pa cithunzi cabe. Codabwitsa ncakuti zina mwa sukuluzi zinamangidwira ana a amphawi.

M'caka ca 1382, Bishopu William of Wykeham anakhazikitsa sukulu ya Winchester kuti anyamata osauka 70 aziphunziramo. Mu 1440 Mfumu Henry VI inacita cimodzimodzi pa Eton. Anawo anali kudya, kugona ndi kuphunzira mosalipira.

Nanga zinthu zinatembenuka bwanji? Akulu anati cakudza sicimba ng'oma. Malamulo a sukuluzi analola kuti ana ena aziphunzira nao, makolo ao namalipira cakudya ndi malo ogona. Pang'ono ndi pang'ono olipirawo anaculuka kuposa eni malo. Mu 1861 Boma linatuma bungwe la Lord Clarendon kukafufuza sukulu 9 zotere, ndipo lamulo la mu 1868 linakonzanso kayendetsedwe ka 7 mwa izo. M'nyengo yomweyo malo aulere anayamba kuperekedwa mwa mpikisano wa mayeso, ndipo opambana kawirikawiri anali ana amene makolo ao anatha kuwalipirira aphunzitsi owakonzekeretsa. Khomo silinatsekedwe ndi cotsekera, linangocepa.

Lero pa Eton pali anyamata pafupifupi 1,300. Mu 2025 malipiro a mwana mmodzi anapitirira mapaundi 60,000 pa caka. Nduna Zazikulu 20 za Britain zinaphunzira pomwepo.

Nkhani yotere inacitikanso pafupi nafe. Mu 1981 Dr. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy pa Mtunthama, m'boma la Kasungu ku Malawi, motsanzira Eton. Ana anzeru osankhidwa m'maboma onse anali kuphunzira kwaulere. Iye atacoka pa mpando mu 1994, thandizo linacepa, ndipo sukuluyo inayamba kudalira olipira.

Kuno kwathu Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace mu 2022. Cimene tikuphunzira ncakuti mphatso yotere imafuna alonda. Makolo, musajombe ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Pakabwera ganizo la kandalama katsopano, ngakhale kocepa, imani ndi kufunsa kuti: kodi mwana wa mai wamasiye uja adzakhalabe m'kalasi?