Kadontho ka Theka la Milimita

Loweruka lina madzulo tinali kuyenda m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, chapafupi ndi mlatho wa njanji, pamene tinapeza anyamata atandanda zitini pa chipika. Ambiri anali ndi malegeni, koma mmodzi anali ndi mfuti ya mpweya ya atate ake. Iye akaphonya, mlandu unali kugwera mfutiyo. "Ndikadakhala ndi mfuti ya akatswiri, sindikadaphonya ngakhale kamodzi," anatero mnyamatayo. Kodi ananena zoona?

Kuwombera chandamale ndi mfuti ya mpweya ndi masewera odziwika pa dziko lonse, ndipo analowa m'mipikisano ya Olympic mu 1984 ku Los Angeles. Woombera amaima pa mtunda wa mamita 10. Kachipolopolo kake ndi ka mtovu, kotambalala mamilimita 4.5. Pakati pa chandamale pali kadontho ka theka la milimita, konga mpumiro wa kumapeto kwa chiganizo chino. Kachipolopolo kakakhudza kadonthoko, munthu wapeza 10.

Akatswiri ena anafika popeza 600 atawombera maulendo 60, osaphonya kadonthoko ndi kamodzi komwe. Tinganene kuti pamenepo ungwiro unapezeka, koma iyayi. Kuyambira mu 2013, bungwe la ISSF, limene limayendetsa masewerawa, linayamba kuwerenga maulendo onse 60 mogawa, kotero kuti 10 uja ali ndi masitepe ake, kuyambira 10.0 mpaka 10.9, ndipo oyeza ndi makina. Kusiyana kwa 10.8 ndi 10.9 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Malire tsopano ndi 654.0, ndipo palibe munthu amene anafikapo pamenepo pa mpikisano.

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, tizipolopolo sitifanana ndendende ngakhale titachokera m'chitini chimodzi. Akatswiri amapana mfuti pa chitsulo kuti isagwedezeke, nayesa mitundu yambiri ya tizipolopolo, komabe ngakhale tabwino kwambiri timasiyana pang'ono pogwera.

Chachiwiri, munthu si chitsulo. Woombera amawombera chiimirire, ndipo thupi loimirira silileka kugwedezeka. Mtima ukagunda, mfuti imamva. Akagwira mpweya nthawi yaitali, maso amachita chidima ndipo manja amayamba kunjenjemera. Amavala jekete ndi buluku zolimba kuti zimchirikize, koma malamulo anaika malire a kulimba kwake, kuti wopambana akhale munthu, osati chovala.

Chachitatu ndicho maganizo. Matthew Emmons wa ku America, pa mpikisano wa mfuti ya mtundu wina ya mamita 50, anali patsogolo ku Athens mu 2004, koma pa ulendo wotsiriza anawombera chandamale cha mnzake. Ku Beijing mu 2008 analinso patsogolo, ndipo pa ulendo wotsiriza womwewo anapeza 4.4 chabe, nataya mendulo. Mfuti yake inali yabwino masiku onse awiri.

N'chifukwa chake aphunzitsi a masewerawa salangiza ophunzira kuti adikire mpaka mfuti iime zii. Amene amadikira motero amatopa, kenaka amakoka mwaphuma, naphonya kwambiri. Amalangizidwa kuvomereza kugwedezeka pang'ono kumene kulipo, kukoka mofatsa, ndi kuiwala kachipolopolo kamene kapita kale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo anzathu, nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Mwana akabwera ndi malikisi 80 pa 100, ena a ife timathamangira kufunsa za 20 otsalawo. Mwana wotero amalowa m'chipinda cha mayeso ngati woombera wamantha, ndipo amalakwitsa ngakhale zimene amazidziwa. Timlimbikitse kuti achite bwino kuposa dzulo, koma tisamsenzetse katundu amene ngakhale akatswiri a dziko lonse sanamthe.

Mnyamata wa ku mtsinje uja tinamuuza ziwiri. Choyamba, mfuti ya mpweya si chidole. Ingathe kuboola diso, choncho asaigwire popanda munthu wamkulu, ndipo kuseri kwa chandamale kuzikhala khoma kapena chulu, osati njira ya anthu. Chachiwiri, asalire mfuti ya mtengo wapatali asanaphunzire kuima ndi kupuma bwino. Anatimvera, nawomberanso kasanu. Zitini zitatu zinagwa, ziwiri zinatsala, ndipo nthawi iyi sanaloze chala mfuti.