Mtokoma Wopanda Inshuwalansi Ndi Cuma Coyenda Cokha

Malonda a pa lamya afika kumidzi. Mayi wa ku Katete woluka madengu, mlimi wa ku Lundazi wofula uci ndi telala wa ku Petauke wosoka madiresi a citenje, onsewa masiku ano amajambula katundu wao ndi kuika zithunzizo pa Facebook kapena pa WhatsApp. Wogula wa ku Lusaka kapena ku Migodi akakopeka nazo amatumiza ndalama pa lamya yomweyo, ndipo malonda amatheka awiriwo osaonana maso. Ici ndi citukuko coyamikirika, pakuti munthu wakumudzi sadikiranso wogula woyendayenda amene amachula yekha mtengo umene afuna.

Koma pakati pa wogulitsa ndi wogula pali mseu. Kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, wodzera m'mapiri ndi pa ulalo wa Luangwa. Pa ulendo wonsewo mtokoma umakhala kunsi kwa basi pamodzi ndi matumba a cimanga, zigubu za mafuta ndi masutikesi a apaulendo. Ukhoza kuphwanyika, kunyowa ndi mvula, kutsitsidwa molakwika pa Nyimba, kapena kutengedwa ndi munthu wina m'cipiringu ca pa siteshoni ya Intercity. Zikatero funso limakhala limodzi: adzalipira ndani?

Cizolowezi ca ambiri ndi kupatsa mtokomawo kondakitala, kulemba nambala ya lamya pa katoni, kulipira ya mayendedwe ndi kubwerera kunyumba m'manja muli gwa, wopanda ngakhale kapepala. Nthawi zambiri katundu amafikadi, ndipo n'cifukwa cace anthu saona coopsa. Tsiku limene safika, kondakitala amati, "Pepani amayi, tinausiya pa siteshoni." Wogula naye amati, "Ine ndinalipira, ndifuna katundu wanga kapena ndalama zanga." Akulu anati pepani sapoletsa cironda. Wogulitsa amataya katundu, amabweza ndalama, ndipo kawirikawiri amatayanso wogulayo pamodzi ndi mbiri yace yabwino, imene pa malonda a pa lamya ndiyo mpamba weniweni.

Ena amadzitonthoza kuti basi iri yonse iri ndi inshuwalansi, poona kapepala komatidwa pa galasi lakutsogolo. Nzoona kuti lamulo limakakamiza mwini galimoto kukhala ndi inshuwalansi, koma imeneyo colinga cace cacikuru ndi kuthandiza anthu ena amene galimotoyo yawabvulaza kapena kuwapha pa ngozi. Katoni ya madiresi yosowa pa siteshoni siiwerengedwa m'menemo. Katundu wa paulendo ali ndi inshuwalansi yaceyace, imene mwini galimoto kapena mwini katundu ayenera kugula padera.

Ngakhale ku Positi Ofesi ndi ku makampani onyamula mitokoma, ndalama ya mayendedwe ndi ndalama ya inshuwalansi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wonyamula aliyense ali ndi malire a ndalama zimene amabweza katundu akasowa, ndipo malirewo amalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa risiti. Pa mitokoma yopita kunja kwa dziko, malamulo a bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo Zambia ndi membala wace, amaika malire a cobwezaco potsata kulemera kwa mtokoma pa sikelo. Tanthauzo lace ndi lakuti ciboliboli copepuka cosemedwa mwaluso kwa mwezi wathunthu cikasowa, mwini wace sangalandire zoposa malire a kulemera kwace, ngakhale mtengo wace utakhala waukuru motani, pokhapokha ngati anachula mtengowo potumiza ndi kulipira inshuwalansi.

Inshuwalansi si cinthu cacilendo m'dziko lino. Kampani ya Boma ya Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri inagwira nchitoyi yokha kufikira mu 1992 pamene makampani ena analoledwa kulowamo. Alimi ambiri anaidziwa mu 2017 pamene inshuwalansi ya nyengo inaphatikizidwa ku thandizo la fetereza ndi mbeu la FISP. Maziko ace ndi amodzi ndi a thumba la maliro la m'mudzi kapena la ku chalichi: ambiri amasonkha pang'ono pang'ono, ndipo amene wagweredwa tsoka amathandizidwa kucokera m'thumbamo. Pa mtokoma, wotumiza amachula mtengo wa katundu wace, nalipira kagawo kakang'ono ka mtengowo pamwamba pa ndalama ya mayendedwe. Katunduyo akasowa kapena kuonongeka, amabwezeredwa molingana ndi mtengo umene unalembedwa.

Citsanzo congoyerekeza cingathandize. Telala wasoka madiresi a K2,000, ndipo phindu lace pa madiresiwo ndi K400. Mtokomawo ukasowa wopanda inshuwalansi, ayenera kugulitsa mitokoma ina 5 yofanana nao, osadyapo kanthu, kuti abwerere pamene anali. Kwa kampani yaikuru K2,000 ndi kanthu kocepa, koma kwa telala wakumudzi ndiyo ndalama ya nsaru za mwezi wamawa ndi mayunifomu a ana. Amene ali ndi mpamba wocepa ndiye ayenera kuopa kwambiri, cifukwa tsoka limodzi lokha likhoza kutseka malonda ace.

Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo ayenera kumvedwa. Amati phindu la malonda akumudzi ndi locepa kale, cotero kuonjezapo ndalama ina ndi kudzipweteka. Amatinso makampani a inshuwalansi amalandira ndalama mwamsanga koma polipira amacedwa ndi kufunsa mapepala osatha. Pa mfundo yoyamba, nzoona kuti si mtokoma uli wonse umene ufunika inshuwalansi. Kathumba ka nshawa kotsika mtengo kakasowa, mwini wace akhoza kupirira. Muyeso wace ndi wapafupi: ngati katunduyo atasowa wogulitsa sangathe kumbwezera wogula popanda kukongola kapena kugulitsa mbuzi, katundu ameneyo sayenera kuyenda wopanda inshuwalansi. Ndalama yace iphatikizidwe ku mtengo wa katundu, monga momwe ya mayendedwe imaphatikizidwira.

Pa mfundo yaciwiri, madandaulo ambiri amabwera cifukwa ca zolakwa zimene zinacitika pa tsiku lotumiza. Wina amachula mtengo wocepa kuti alipire pang'ono, ndipo tsoka likagwa amabwezeredwa wocepa womwewo. Wina amachula mtengo wopambana woona poganiza kuti adzapindula, osadziwa kuti inshuwalansi imabweza zimene munthu wataya zokha, ndipo bodza likadziwika salandira kanthu. Wina amaika botolo la uci m'katoni yofooka yopanda cotetezera, pamene katundu wolongedzedwa mosasamala kawirikawiri salipiridwa. Zakudya zoola msanga, monga nsomba zaziwisi ndi tomato, makampani ambiri sazilandira pa inshuwalansi yotere, cimodzimodzinso ndalama zoikidwa m'mtokoma. Safunsa anadya phula: zonsezi ziyenera kufunsidwa mtokoma usanacoke m'manja.

Cotero wogulitsa wanzeru amacita zinthu zocepa koma zosaphonya. Amajambula katundu asanatseke katoni ndiponso atatseka. Amaonetsetsa kuti pa risiti palembedwa dzina la wolandira, zimene ziri m'katimo ndi mtengo wace. Amafunsa kuti kampaniyo imabweza zingati katundu akasowa, ndiponso kuti dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku angati, pakuti dandaulo locedwa limakanidwa. Amasunga uthenga wa ndalama zimene wogula anatumiza, umene uli umboni wa mtengo. Amagwirizananso ndi wogula mwa kulemberana pa lamya kuti katundu akasowa panjira udindo udzakhala wa yani. Wogula naye atsegule mtokoma pamaso pa wonyamula asanasaine kuti walandira bwino.

Onyamula katundu nao ali ndi mbali yao. Pansi pa lamulo la Postal Services Act la mu 2009, bungwe la ZICTA ndilo limapereka malaisensi kwa ogwira nchito ya positi ndi yonyamula mitokoma, ndipo wotumiza ali ndi ufulu wofunsa ngati kampani iri ndi laisensiyo. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, pamene madandaulo a ogula amalandiridwa ndi Competition and Consumer Protection Commission. Maofesi amenewa sangathandize munthu wopanda pepala. Nkoyenera kuti kampani iri yonse yonyamula mitokoma ipacike poyera malire a ndalama zimene imabweza, ndipo iwalembe m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino, osati m'Cingerezi cokha. Makampani a inshuwalansi nao apange njira yakuti munthu wa ku Chadiza kapena ku Chama athe kulipira inshuwalansi ya mtokoma umodzi pa lamya, monga momwe amalipirira zinthu zina.

Magulu a amayi ndi makoparetivu a alimi angathe kutsogolera pa nkhaniyi. Anthu khumi otumiza katundu wao pamodzi, kupyolera mwa wonyamula mmodzi wodziwika, amamvedwa msanga kuposa munthu mmodzi woimirira yekha pa siteshoni. Mlembi wa gulu asunge buku la marisiti onse.

Mlimi samanga nkhokwe yopanda denga poyembekeza kuti mvula siidzagwa. Amene watha masabata akuluka, akusoka kapena akusema aonetsetse kuti nchito ya manja ace yacoka pakhomo iri ndi risiti, mtengo wace wolembedwa ndi inshuwalansi yolipiridwa. Madzi akatayika saoleka.