Utoto Usakhale Chobisira Dzimbiri

Munthu woyenda m'misika ya zitsulo za galimoto ku Limbe ndi ku Ndirande, kapena m'magalaja a pansi pa mitengo ku Bangwe ndi ku Zingwangwa, amaona zipangizo za injini zikunyezimira ngati zatuluka kumene m'fakitale. Zina mwa izo n'zakale ndithu, ndipo kunyezimirako kwachokera m'kachitini ka utoto wasiliva wopopera. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto adaupanga kuti uteteze chitsulo, koma ena ausandutsa chobisira matenda a chitsulocho. Mchitidwe umenewu uyenera kukanidwa, makamaka ndi achinyamata amene akulowa ntchito ya umakaniko atatsiriza sukulu.

Nkhaniyi si yaing'ono. Galimoto zambiri za mu Blantyre n'zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo zimafika kuno kudzera m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, motero chipangizo chatsopano chochokera kunja chidakwera mtengo koopsa. Nyengo ya mzindawu nayo sichitira chifundo chitsulo: mvula imagwa kuyambira November kufikira April, ndipo ikangoleka, chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mawawa. Tsono wosunga chitsulo chakale kuti chisadyedwe akusunga ndalama za banja.

Wophunzira aliyense wa sekondale amadziwa za misomali ya m'mabotolo atatu. Msomali wa m'botolo la madzi ndi mpweya umachita dzimbiri. Wa m'madzi owiritsa otsekedwa ndi mafuta pamwamba sumachita. Wa mu mpweya wouma nawonso sumachita. Phunziro lake ndi lakuti dzimbiri limabadwa pamene chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni zakumana. Koma pali mfundo ina imene ambiri amaiwala akalemba mayeso. Dzimbiri ndi lofumbutuka ndiponso lili ndi timabowo tosunga chinyontho. Likaphimbidwa ndi utoto silifa ayi. Limapitiriza kudya pansi mwakachetechete, mpaka utoto utatupa ndi kusendeka. Wogula amazindikira patapita miyezi, ndalama zake zitapita kale.

Ntchito yoona, tsono, yagona pa kukonzekera. Mmisiri wokhulupirika amayamba watsuka oyilo ndi girisi yense, pakuti utoto sugwira pa mafuta. Kenaka amapala dzimbiri ndi bulashi ya waya ndi sandipepala kufikira chitsulo chenicheni chitaoneka. M'makona mmene bulashi siifika amapakamo mankhwala a asidi wa phosphoric, amene amasandutsa dzimbiri kukhala khungu lakuda lolimba. Chitsulo chikauma bwino, amapaka utoto woyamba wogwira chitsulo, ndipo pamwamba pake amapopera utoto wotsiriza mopyapyala kawiri kapena katatu, nadikira kuti uume nthawi iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amadziwanso kuti injini ndi ng'anjo. Utoto wa pazitseko ndi mawindo a nyumba umapsa ukafika pamenepo. Utoto wopangidwira injini umapirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 260, koma mapaipi otulutsa utsi pafupi ndi injini amatha kupitirira madigiri 600, choncho amafuna utoto wawo wapadera. Ndiponso alipo malo osayenera kupakidwa konse: nkhope zosalala zokhalapo gasiketi, mazinga a mabawuti, polumikizira mawaya a magetsi, ndi nambala ya injini, imene iyenera kuwerengeka pamene galimoto ikuyesedwa kapena kugulitsidwa. Wopopera mwachisawawa amaphimba zonsezi, nabala mavuto atsopano. Ndipo utoto wakunja ngakhale ukome chotani, injini yothiridwa madzi a pampopi okhaokha m'ladiyeta, popanda mankhwala oletsa dzimbiri, imadyeka kuyambira m'kati.

Ena adzanena kuti mwini galimoto ndiye amafuna ntchito yachangu ndi yotsika mtengo, ndipo makaniko wodekha adzagona ndi njala anzake akudya. Mawuwa ali ndi choona chake, pakuti sandipepala ndi utoto wabwino zimafuna ndalama. Komabe mbiri ya mmisiri imayenda msanga pakati pa oyendetsa maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre, amene amakumana tsiku ndi tsiku. Wonyenga amadya kamodzi, pamene amene ntchito yake yapirira mvula ziwiri safunanso chikwangwani choitanira anthu.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Phunziro la dzimbiri lisathere pa bolodi. Mphunzitsi angathe kubweretsa m'kalasi chitsulo chakale cha galimoto, ophunzira nachipala theka, napaka mbali zonse ziwiri, nachisiya panja nyengo ya mvula kuti aone okha kusiyana kwake. Sukulu zaluso monga Soche Technical College, pamodzi ndi bungwe la TEVETA limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ziyenera kufikira anyamata ndi atsikana ophunzirira ntchito m'magalaja a m'makwalala, ndi kuwaphunzitsanso kuvala zotchinga mphuno popopera, ndi kusataya zotsalira za utoto ndi oyilo mu mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo.

Wotsiriza sukulu wolowa m'galaja asadziyese wolephera. Iye ndiye ali ndi mwayi wodziwa chifukwa chake cha chilichonse chimene manja ake akuchita. Akagwira kachitini ka utoto, ayambe wadzifunsa ngati chitsulo chili patsogolo pakecho chapalidwa, chatsukidwa ndi kuuma. Ngati sichinatero, abweze kachitiniko pansi, atole bulashi ya waya.