Wobwereka galimoto ayambe wafunsa za seguro

Mwezi wa Disembala ukafika, m'misewu ya Angónia ndi Tsangano mumadzaza magalimoto a manambala achilendo. Ena achokera ku Joni, ena angolowa pa Calómuè kuchokera ku Dedza, kapena pa Zóbuè kuchokera ku Mwanza. Mwini galimoto akafika pamudzi, makiyi sakhalitsa m'thumba mwake. Mng'ono wake afuna kukatula mbatata ku msika wa Ulónguè, amalume afuna kukatenga bokosi la maliro, mlamu afuna kuthamangira ndi wodwala ku chipatala. Kukana m'bale nkovuta, ndipo kubwerekana si kulakwa ayi. Cholakwa nchakuti wobwereka amafunsa za mafuta okha, za pepala la seguro safunsa.

Lamulo nambala 2/2003 la dziko la Mozambique likuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro, imene ku Malawi amati inshuwalansi, yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yakunja imagula seguro ya kanthawi pachipata, kawirikawiri ya masiku 30. Pepala la kwawo nthawi zambiri limathera pamalire. Ngakhale khadi lachikasu la COMESA, limene madalaivala a ku Malawi ndi ku Zambia amayenda nalo, kuno siligwira ntchito, pakuti Mozambique sali m'bungwe limenelo.

Vuto lagona pa masiku 30 amenewo. Mwini wake atha tchuthi, akwera basi kubwerera ku ntchito, galimoto aisiya m'manja mwa abale kuti adzaitenga. Pepala lili m'galimoto ndithu, lopindidwa bwino, koma tsiku lake lidapita kale, pamodzi ndi chilolezo cha alfândega chakuti galimotoyo ikhale m'dziko muno. Wapolisi akaimitsa, pali multa. Multayo ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi tsiku limene galimoto yagunda wanjinga wosenza matumba a chimanga, kapena mwana wochokera ku sukulu. Popanda seguro, ndalama za chipatala ndi chipukuta misozi zimafunidwa kwa woyendetsa, ndipo mlandu ukhoza kumtsata mwini wake komwe ali. Apo mpamene ng'ombe zimatuluka m'khola. Kumene kulibe ng'ombe, wovulala amatsala ndi chilema chake basi.

Palinso china chimene ambiri amachidziwa mochedwa. Seguro ya pachipata siilipira galimoto yobwerekayo. Ikagubuduzika pamsewu wa ku Dómuè, kampani siikonza. Ndiye abale awiri, obadwa bere limodzi, amakathera pabwalo la amfumu, uyu akuti "ndidakubwereka yamoyo", uyo akuti "matayala adali akutha kale". Mawu amenewa akadayenera kukambidwa makiyi asanaperekedwe, pamaso pa mboni: ikaonongeka alipira ndani, ndipo alipira zingati.

Wobwereka awerenge yekha tsiku lothera pa pepala, aonenso ngati nambala yolembedwapo ndi ya galimoto yomweyo. Ngati latha, galimoto ikhale pansi pa mtengo mpaka atagula lina, mu ofesi ya kampani ya seguro, osati kwa anyamata othamangira magalimoto pachipata amene mawa sadzapezeka. Akafuna kuwoloka nayo malire, atenge livrete ndi kalata yodindidwa ya mwini wake yomuloleza kuyendetsa. Wopanda carta asakhudze chiwongolero nkomwe, chifukwa kampani ikhoza kulipira wovulala kenaka nkudzafuna ndalama zake kwa iye.

Nawo makampani ali ndi mbali yawo. Mapepala amalembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, tizilembo ting'onoting'ono, pamene ogula ambiri a m'malire muno amalankhula Chinyanja. Bungwe loyang'anira za seguro m'dziko muno likadawauza kuti pa zenera lililonse la Calómuè ndi Zóbuè apachike chikwangwani cha Chinyanja, chonena zimene pepalalo limalipira, zimene sililipira, ndi kumene wovulala angakadandaule.