Kwa Iwo Akuseka Maphunziro a Kukonza Misonkhano

Mnyamata wina amene ndinamphunzitsa samu ali wamng'ono anadza kudzandiona atatsiriza maphunziro ace ku yunivesite. Pomfunsa cimene anakaphunzira, anati, "Aphunzitsi, ndaphunzira kukonza ndi kuyendetsa misonkhano ndi zikondwerero." Akuru amene tinakhala nao pakhonde anaseka, ndipo mmodzi anati, "Ha! Ndalama zonsezo kuti akaphunzire kuyala mipando ndi kuimika mahema? Ifetu maukwati ndi maliro tayendetsa kuyambira kale wopanda satifiketi." Ndibvomere kuti inenso ndinaseka nao. Koma lero ndilemba kutsutsa kuseka kumeneko, kwao ndi kwanga komwe, pakuti mnyamatayo anandicititsa manyazi ndi samu yomweyo ndinamphunzitsa ine.

Cinthu coyamba cimene anawaphunzitsa kumeneko, ati, si maluwa kapena mpando wa mlendo wolemekezeka iai, koma cipata. Adza anthu angati? Alowera pati, ndipo kulowako kudzatha nthawi yotani? Nanga zikabvuta aturukira pati? Ku Britain kuli buku la malangizo a mabwalo a masewera, lochedwa Green Guide, limene linaturuka koyamba m'caka ca 1973, atafa anthu 66 pa makwerero a bwalo la Ibrox ku Glasgow m'caka ca 1971. Bukulo liti pa cipata cimodzi colowera munthu mmodzi-mmodzi tisawerengere anthu oposa 660 pa ora. Tsono tengani sileti, owerenga. Bwalo la anthu 40,000 likakhala ndi zipata zotere 20, pa ora alowa 13,200, ndipo kuti onse alowe papita maora atatu. Mukacedwa kutsegula, anthu aja sacepa, angounjikana pakhomo.

Caciwiri anandiuza ndi ici, kuti pa cipwirikiti ambiri safa ndi kupondedwa monga tiyesa ife. Khamu likathinana kufikira anthu 6 kapena 7 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, munthu sayendanso mwa kufuna kwace. Cifuwa cace cipsinjika, alephera kupuma, namwalira ali ciriri. Ndipo iwo ali kumbuyo sadziwa kanthu za akufa kutsogolo, angokankhabe.

Kodi izi nza kutali? Iai ndithu. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa Malawi, anthu anaitanidwa kukaonera mwaulere cikondwerero ndi mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Zipata zinacedwa kutsegulidwa ngati maora atatu, khamu linakankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anafa anthu 8, mwa iwo ana 7. Tikamva zotere tifulumira kunena kuti ndi tsoka, cakudza siciimba ng'oma. Ine nditi cakudza cimeneci cinaimba ng'oma kuyambira mbanda kuca, koma ng'oma yace aimva yekhayo anaphunzira kuwerenga anthu ndi zipata.

Ena ati colakwa nca anthu eni ace, osaleza mtima, osadziwa mwambo. Mau amenewa ndi akale, ndipo apepuka pakamwa cifukwa akufa sayankha. Pa 15 April 1989, pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield, apolisi anatsegula cipata cacikuru kuti acepetse khamu la kunja, koma sanatseke njira ya pansi yonka ku zigawo zimene zinali zodzala kale. Akufa ndi ngoziyo anafika 97. Zaka zambiri mlandu unaikidwa pa okonda timu ya Liverpool, kuti anali oledzera, kufikira m'caka ca 2016 pamene bwalo lofufuza za imfazo linapeza kuti iwo analibe cifukwa.

Akuru aja sananame konse za maliro a kumudzi. Kumeneko nyakwawa idziwa anthu ace, adzukulu adziwa nchito yao, ndipo bwalo liribe mpanda; wothinidwa angopatuka nakakhala patsinde pa mtengo. Koma nzeru imeneyo siifikira pamene taunjika alendo zikwizikwi m'kati mwa linga la njerwa. Ndiponso sinditamanda aliyense wobwera ndi digiri. Alipo ena adza naco Cingerezi cokha ndi mitengo ya mahema, ndipo amenewo asekedwe ndithu.

Cimene cindiwawa ndi makomiti athu. Posankha anthu a tsiku lalikuru tisankha wapampando, msungicuma, amai a kukhichini, ndi wokalandira alendo olemekezeka. Tikangana mpaka madzulo za mbuzi zingati ndi amene adzayamba kulankhula. Koma ndani anamvapo komiti itasankha munthu wa pacipata?

Caka cino, pokonzekera tsiku la makolo pa sukulu pathu, ndinapempha mnyamata uja kuti adzaone holo yathu. Anaiyesa ndi mapazi, nawerenga mabenchi, nandifunsa za khomo laciwiri la kumbuyo. Tinalipeza lokhoma ndi loko wadzimbiri, kuseri kwace kutaunjikidwa madesiki othyoka, ndipo mfungulo yace panalibe mmodzi wa ife aphunzitsi anadziwa kumene iri. M'holo imeneyo takhala tikusonkhanitsa ana ndi makolo ao caka ndi caka, ine ndiri kutsogolo ndi ndandanda ya zolankhula m'manja.