Shuga wa pambuyo pa jimu si mankhwala, ndi shuga basi

Pali uphungu wina umene wafala pakati pa ophunzira amene timapita kujimu, ndipo ine ndatopa nawo. Uphunguwo umati ukangomaliza masewera olimbitsa thupi, pasadutse mphindi 30 usanameze chinthu chotsekemera: Fanta, Sobo wokhathamira, maheu, glucose wa ufa wosungunula m'madzi, kapena buledi woyera wopaka jamu. Akuti nthawi imeneyo minofu imakhala yayasamula, ndiye chilichonse chimene wadya chimathamangira kuminofu, sichisanduka mafuta. Akutinso ukachedwa thupi limayamba kudya minofu yake, thukuta lonse lija n'kupita pachabe. Olalikira zimenezi nthawi zambiri ndi anyamata a zifuwa zotambalala amene anyamula zitsulo kwa zaka, moti ukawayang'ana mikono umaopa kuwatsutsa. Ine ndiwatsutsa. Kwa munthu amene akupita kujimu kuti achepetse thupi, uphungu umenewu ndi wosocheretsa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ena amathera semesita yonse akuthamanga koma lamba akadali pabowo lomwe lija.

Tiyambe ndi masamu, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu akathamanga kilomita imodzi amatentha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Wolemera makilogalamu 70 akathamanga makilomita 3 watentha makalori pafupifupi 210. Tsopano tengani botolo la Coca-Cola wa masiku onse la mamililita 500. Muli shuga woposa magalamu 50, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 13. Galamu iliyonse ya shuga ndi makalori 4. Chulukitsani nokha, muona kuti mwabwerera pa 210 pomwe paja. Makilomita atatu amene munathamanga mukupuma wefuwefu mwawabweza m'mphindi ziwiri muli chiimire pagolosale. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu. Ndipo botolo limodzilo lamaliza kale malire a tsiku lonse: mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50.

Anzathu a zitsulo aja sanangolota uphungu wawo ayi. Uli ndi kwawo, ndipo kudziwa kwawoko ndi kumene kukuonetsa kuti si wathu. Thupi limasunga shuga ngati chinthu chotchedwa glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi magalamu ngati 400 m'minofu. Imeneyi ndi nkhokwe yomwe minofu imatapamo ikamagwira ntchito yolemetsa. Mu 1988, John Ivy ndi anzake a ku University of Texas ku Austin anachita kafukufuku pa amuna ozolowera kupalasa njinga. Ankawapalasitsa kwa mphindi 70 kuti nkhokwe ija itsike, ndipo tsiku lina ankawamwetsa chakumwa cha shuga nthawi yomweyo, tsiku lina ankawadikiritsa maola awiri. Anapeza kuti akadikira, glycogen ankabwerera pang'onopang'ono, pafupifupi theka la liwiro la akamwa msanga. Nkhani ya "mphindi 30" inamera pa kafukufuku wa mtundu umenewu.

Koma taonani chimene anayeza: liwiro lodzazira nkhokwe m'maola oyambirira. Sanayeze mafuta a pamimba, sanayeze kuonda. Ndipo mu 1997 ofufuza a ku Australia atayeza patapita nthawi yotalikirapo, anapeza kuti pakatha maola 8, komanso maola 24, wodya msanga ndi wochedwa maola awiri amakhala ndi glycogen wofanana. Nkhokwe imadzaza ndithu bola munthu adye chakudya chake cha tsikulo. N'chifukwa chake ngakhale malangizo amene a American College of Sports Medicine anatulutsa mu 2016 limodzi ndi akatswiri a kadyedwe amati kudya zopatsa mphamvu mwachangu n'kofunika pamene pakati pa masewera awiri olemetsa pali maola osakwana 8. Akunena za wopalasa njinga mu Tour de France, amene amakhala pachishalo maola anayi kapena asanu tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu. Akunena za timu ya mpira imene yasewera m'mawa pa bonanza ndipo ikulowanso m'bwalo masana.

Ndiye dzifunseni, inu amene mumapita kujimu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ola limodzi, theka lake mukudikira benchi kapena mukuyankha WhatsApp: mpikisano wanu wa madzulo ano uli kuti? Kunyamula zitsulo kwa ola limodzi nthawi zambiri sikumaliza ngakhale theka la glycogen wa m'minofu yomwe yagwira ntchitoyo. Muli ndi maola 48 oti mudzaze nkhokwe imene sinathe n'komwe. Nsima ya usiku womwewo ikwanitsa ntchito imeneyo popanda kuthandizidwa ndi Fanta. Kufuna kudya ngati katswiri wa mpikisano uku mukufuna kuonda ndi mapanga awiri, ndipo amavumbwitsa.

Akagonja pa glycogen, anzathuwa amathawira ku insulini. Amati shuga amakweza insulini, ndipo insulini ndiye amalowetsa zomanga thupi m'minofu. Zimamveka zasayansi, koma zinayesedwa kale. Mu 2011 ofufuza a ku McMaster University ku Canada anapatsa anyamata magalamu 25 a mapuloteni atatha kunyamula zitsulo, ulendo wina okha, ulendo wina ataonjezapo magalamu 50 a shuga wogayika msanga. Insulini anakweradi kwambiri pa ulendo wa shugawo, koma kumangika kwa minofu sikunaonjezeke. Mapuloteni paokha amakweza insulini mokwanira ntchitoyo. Mu 2013 Alan Aragon ndi Brad Schoenfeld, amene onse ndi odziwika m'nkhani za zitsulo zomwezi, anasanthula kafukufuku amene analipo pa nkhani ya "mphindi 30" ndipo anapeza kuti umboni wake ndi wofooka. Mpata wodyera ndi wa maola angapo, makamaka ngati munadyako musanayambe masewera. Minofu yanu sisungunuka pamene mukuyenda kuchoka kujimu kupita kuhositelo kukasamba.

Mfundo yawo yamphamvu ndi iyi, ndipo ndiyenera kuilemekeza: n'zoona kuti pambuyo pa masewera minofu imalandira shuga mosavuta, ndipo shuga wa nthawi imeneyo ambiri amapita ku glycogen. Koma thupi silisunga mabuku awiri, lina la pambuyo pa jimu lina la maola otsalawo. Buku ndi limodzi. Makalori 200 amene mwamwa ndi makalori 200 amene thupi silifunikanso kukatapa kumafuta amene munasunga. Zili ngati Mpamba kapena Airtel Money: kaya mwaika ndalama kudzera kwa ejenti wa pageti kapena wa mumsika, balansi ndi imodzi. Kuonda kumachitika pamene zotuluka zaposa zolowa, tsiku ndi tsiku, kwa masabata ndi miyezi. Nthawi imene shuga walowera sisintha masamu amenewo. Komanso shuga wa patebulo, amene ali m'zakumwa zathuzi, theka lake ndi fructose, amene amayamba wapita kuchiwindi. Ngakhale pa cholinga chawo chodzaza minofu, Fanta si chida choyenera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti uphunguwu umagwira anthu pamalo pofewa. Munthu watopa, ali ndi ludzu, akudzimva kuti wagwira ntchito yoyenera malipiro. Kenako wina akumuuza kuti chotsekemera chimene wakhala akudzimana sabata yonse tsopano ndi mankhwala. Ndani angakane? Ndipo zakumwa sizikhutitsa. Mukamwa makalori 200, pa chakudya cha madzulo mumadyabe mitanda yanu yomwe ija. Ogulitsa amazidziwa bwino zimenezi. Gatorade anapangidwa mu 1965 ku University of Florida chifukwa cha osewera mpira wa ku America amene ankathera maola ambiri padzuwa loswa mtengo. Lero zakumwa za mtundu umenewo zimatsatsidwa kwa aliyense amene wavala nsapato zothamangira. Anyamata a pa TikTok ndi YouTube amene timatengerako nzeru ambiri ali pa ntchito yokulitsa thupi, akufuna makalori ochuluka, ndipo ena amalipidwa kuti aonetse botolo pa kamera. Cholinga chawo n'chosemphana ndi chanu. Kutengera kadyedwe kawo osafunsa kuti iwo akupita kuti, ndi zija za safunsa amene anadya phula.

Pasakhale wondimva molakwa n'kuyamba kuthawa nsima. Kuli gulu linanso, lotsutsana ndi loyambali koma lolakwa chimodzimodzi, limene limati ukadya mpunga kapena nsima pambuyo pa jimu insulini "amatseka" kutentha kwa mafuta, ndiye uzingomwa madzi n'kukagona ndi njala. Amenewanso akuwerenga ola limodzi n'kuiwala tsiku. Mu 2018 ofufuza a ku Stanford University, motsogozedwa ndi Christopher Gardner, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 600 amene anawatsatira kwa chaka chathunthu. Ena anachepetsa zakudya zamafuta, ena anachepetsa zakudya za sitalichi ndi shuga. Gulu loyamba linatsika ndi makilogalamu pafupifupi 5, lachiwiri pafupifupi 6, kusiyana kosanunkha kanthu. Mdani wanu si ufa wa chimanga. Wogona ndi njala atachoka kujimu ndi yemwe uja timamupeza pa chiwaya cha tchipisi 10 koloko usiku.

Nanga tizitani? Yankho lake ndi losasangalatsa chifukwa silifuna kugula kanthu. Mukatuluka mujimu imwani madzi. Ikani nthawi ya masewera pafupi ndi chakudya chimene mukanadya kale, monga madzulo musanadye mgonero, kuti chakudya cha pambuyo pa jimu chisakhale chachinayi pa tsiku. M'mbalemo mukhale zomanga thupi zokwanira, magalamu 20 mpaka 30 a mapuloteni. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Usipa, matemba, nyama ya soya, nyemba, nandolo ndi chambiko zimafikitsa pamenepo pa mtengo umene wophunzira angaukwanitse. Ndiwo zamasamba zichuluke. Nsima, mpunga kapena mbatata zikhalepo pa mulingo umene mwadziikira, ndipo ngati mukufuna kuika gawo lalikulu la zopatsa mphamvu za tsikulo pambuyo pa masewera, palibe cholakwika, bola muchotse kwina.

Ngakhale mawu oti "zogayika msanga" asakuopseni mopitirira. Muyezo wa glycemic index, umene umaonetsa liwiro lomwe chakudya chimakwezera shuga m'magazi, anaupanga David Jenkins ndi anzake ku University of Toronto mu 1981 pofuna kuthandiza odwala matenda a shuga, osati ngati tchati cha kujimu. Mbatesi yowiritsa ili pamwamba pa muyezo umenewu, komabe pa kafukufuku wa ku University of Sydney wa mu 1995, woyeza kuti ndi zakudya ziti zimene zimakhutitsa, mbatesi yowiritsayo ndi imene inaposa zonse. Funso loyenera kwa wofuna kuonda si loti chakudyachi chikulowa m'magazi mwachangu bwanji. Funso ndi loti pa makalori amenewa ndikhala wokhuta mpaka nthawi yanji. Pa mayeso amenewo mbatata yowiritsa ndi nthochi zimakhoza, botolo la zotsekemera limalakwa.

Alipo amene shuga wachangu ndi wofunikadi kwa iwo, ndipo sindikunena za iwowo. Wodwala matenda a shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapilitsi monga glibenclamide akhoza kutsikidwa shuga m'magazi pochita masewera kapena pambuyo pake. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kumva chizungulire, chotsekemera chimapulumutsa moyo, ndipo ayenera kuyenda nacho komanso kukambirana ndi adokotala za masewera ake. Wothamanga mtunda wautali kwa maola awiri, kapena wosewera mpira amene ali ndi zokonzekera m'mawa ndi madzulo, nayenso ali ndi chifukwa chomveka. Koma amenewa si unyinji wa ife amene timalowa mujimu chifukwa buluku layamba kuthina.

Kwa akatswiri a zitsulo amene mumalangiza obwera kumene, pempho langa ndi limodzi: musanauze munthu choti amwe, mufunseni kaye chimene wadzera. Amakukhulupirirani chifukwa cha matupi anu, ndipo akatha miyezi itatu osaona kusintha sadzaimba mlandu uphungu wanu. Adzadziimba yekha, adzati thupi lake ndi lokanika, n'kusiya jimu. Kumeneko ndiye kuononga kwenikweni, kuposa makalori 200. Ndipo kwa inu amene mukufuna kuchepetsa thupi, ndalama ya botolo lija guliranipo mazira. Sikelo imatsika mwapang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, ndipo palibe mphindi 30 zilizonse zimene zingafulumizitse zimenezo.